Batani Lomwe Bambo Sanalione

Ankayanika nsalu za pabedi kuseri kwa nyumba pamene foni inalira. Anali mayi ake.

"Mwanawe, bambo ako agwa pakhonde. Tili m'njira, tikupita kuchipatala."

Anasiya beseni pomwepo, nsalu ikukwekwereza pansi.

Mwana wawo wamkaziyu ntchito yake inali yokonza maonekedwe a mapulogalamu, kuti mawu ndi mabatani azikhala pamalo pake, kaya ndi pakompyuta kaya pafoni. Bambo ake atayamba kumwa mankhwala a kuthamanga kwa magazi, iye anawapangira kapulogalamu kowakumbutsa. Foni ikalira, munthu umamwa piritsi n'kudina batani lolembedwa kuti "Ndamwa", foni n'kukhala chete. Anasankha zilembo zowonda ngati ulusi, anasiya mipata yotakasuka, batanilo n'kuliika pansi penipeni. Pakompyuta yake yotambalala zinkakongola ngati khadi la ukwati.

Mnzake wa kuntchito, yemwe ankamutcha Chikaiko, anasuzumira. "Asisi, mwayesa pafoni yakale? Akuluakulu amakulitsa zilembo, paja maso anatha."

"Inu mumakayikira ndi mthunzi wanu womwe," iye anaseka. "Chakoma apa chakoma paliponse."

Anatumiza kapulogalamuko kwa bambo ake osakayesa kwina.

Kuchipatala anawapeza atagona, diripi ili pamkono. Mayi ake anali atawafunditsa mapazi ndi juzi lawo, milomo ikugwedera ndi pemphero. Adokotala anati kuthamanga kwa magazi kunatsika kwambiri chifukwa mankhwala anachuluka m'thupi, koma akhala bwino.

"Ndi ukalamba, mama," anatero bambowo kwa mwana wawoyo, uku akukankhira foni kunsi kwa pilo. "Mutu wangawu wayamba kudontha."

Dzanjalo iye analiona. Anasolola foniyo mwaulemu n'kutsegula. Zilembo zake zowonda zija munalibe. Foniyo sinkazidziwa, choncho inaikapo zake, zonenepa, ndipo bambo anali atazikulitsanso kuti aziona. Mawu anadzaza galasi lonse, batani lija litakankhidwira kunja, kosaoneka.

"Inkangolira," mayi ake analankhula motsitsa. "Ikaleka pang'ono, yayambanso. Ine ndinati mwamwa kale inu. Iwo akuti, mwana wanga sangandinamize. N'kumwanso."

Bambowo anayang'ana kudenga. "Zinalembedwa bwino ndithu. Ndinaonetsa ndi anzanga omwe."

Mawu amenewo anamulasa kuposa chitonzo. Anakumbukira mmene ankakhalira pampando wake wofewa, akusirira ntchito ya manja ake, osaganizako za galasi laling'ono losweka pakona ndi maso a munthu amene anamuphunzitsa kuwerenga. Akuluakulu sananame: chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Anagwada pambali pa bedi, odwala ena akuona, nagwira dzanja lopanda diripi lija.

"Bambo, si ukalamba ayi. Ndine. Mnzanga anandichenjeza, ine n'kuseka. Ndikhululukireni."