Anapiye Amene Anawerenga Kabawi

Kale lija, mapira akadali kupsa mpaka kuwerama, ana akadali kumva za akulu, panali aphunzitsi awiri, a Nkhanga ndi a Bakha. Awiriwa sankamwerana madzi. Ankalimbirana chinthu chimodzi: mwana wophunzira kuwerenga, mawu atsopano umamupatsa bwanji?

A Nkhanga anali achifatse. Ankalemba mawu amodzi padothi pansi pa mkuyu, kenako n'kudzutsa ana onse kukaona chinthucho. Tsiku la "chiswe" ankapita nawo kuchulu, ana n'kufukula, n'kulawa, ena n'kulumidwa. Pobwera ankawerenga mawuwo akuseka, milomo ili yotupa. Sukulu inali imeneyo, osati zanu za leroli.

A Bakha anali aphokoso. Ankadzaza mawu khoma lonse la nkhokwe, ana n'kumakuwa pambuyo pawo kuti, "Chi-swe, chiswe. Nkhwa-zi, nkhwazi." Phokosolo linkamveka mpaka kudambo, ndiye makolo ankati kumeneko ndiye kuli maphunziro.

Tsono panali mayi Thadzi, mayi wamatama, amene anapiye ake ankaphunzira kwa a Nkhanga. Tsiku lina anafika pamkuyu nthenga zili nyankhalala.

"Aphunzitsi, anzawo kwa a Bakha amaliza khoma lonse. Angawa mukungoyenda nawo m'tchire ngati mbuzi."

"Mayi, fatsani," anatero a Nkhanga. "Mawa tiphunzira mawu akuti kabawi. Ana anuwa sanamuonepo. Ndikawabisa pansi pa chitsamba, aone mthunzi wake ukudutsa, amve kulira kwake, ndiwauze zimene amachita."

"Mthunzi? Ine ndinafungatira mazira kuti ana adzawerenge, osati kukabisala m'zitsamba. Tiyeni, ana inu."

Kwa a Bakha anapiyewo anathamanga kwabasi, makamaka kamng'ono kwambiri, dzina lake Kamawanga. Mawu ukangotchula, iko kanali katatsogola kale kuwadula. Akabwera alendo, mayi Thadzi ankawandandalika anawo pabwalo n'kunena kuti, "Tawawerengerani azakhali anuwa, amve okha." Ndipo ankawerengadi bwino, zimenezo sindinganame. Kabawi ankamuwerenga, nkhwazi ankaiwerenga, koma palibe anawauzapo kuti zimenezi n'zinthu zanji.

Chilimwe chinafika, tchire linapsa, pabwalo panayera. Tsiku lina masana mayi Thadzi anali kuseri kwa nyumba kutola gaga pamtondo, ana ali okha pabwalo. A Nkhanga ankadutsa ndi ana awo a sukulu, ndipo anaona mthunzi ukuzungulira pansi.

"Kabawi! Kabawi!" anakuwa a Nkhanga.

Ana awo anangoti balala, wina pansi pa nkhokwe, wina m'mpanda. Koma ana a mayi Thadzi anamva mphunzitsi akutchula mawu, ndiye anachita zimene anazolowera. Anaima pamzere, makosi chilili, n'kuyankha onse pamodzi kuti, "Ka-ba-wi, kabawi." Kamawanga kanali patsogolo, kakukweza mawu kuposa onse.

Kabawi anangotsika kamodzi. Pamene mayi Thadzi ankatulukira, pamalo pa Kamawanga panali tinthenga tokha tikuuluka.

Analira mayi uja mpaka mawu kusasa, kenako anapita kwa a Bakha. "Inu bambo, mwana wanga anaimiranji? Bwanji sanathawe?"

A Bakha anayang'ana pansi. "Koma anatchula bwino, mayi. Sanaphonye chilembo n'chimodzi chomwe."

M'mawa mwake mayi Thadzi anabwera pamkuyu ndi ana otsalawo, mutu uli pansi, matama onse atatha. A Nkhanga sanawadzudzule ayi. Anangosalaza dothi ndi phazi n'kulembapo mawu amodzi, akuti kabawi. Anapiye aja atawayang'ana, palibe anatsegula pakamwa. Onse anathamangira kunsi kwa mapiko a mayi awo.

"Eya," anatero a Nkhanga chapansipansi. "Lero ndiye awerenga."

Mkuyu uja anaudula kalekale, ndipo aphunzitsi oyenda ndi ana kuchulu sindikuwaonanso. Koma mpaka lero mthunzi ukadutsa pabwalo, mwanapiye safunsa.

Phunziro: Kutchula mawu si kuwadziwa. Mwana ukamupatsa mawu atsopano, muonetse chinthucho, achigwire, amve ntchito yake. Ndipo inu makolo, lekani kusangalala ndi phokoso. Mwana akawerenga, mufunseni kuti zimene wawerengazo n'chiyani.