Amene Ankaloza Nachisale

Panali mayi wina wosoka madiresi a ukwati, dzina lake Nachisale. Makasitomala ankamupeza pa intaneti. Mkwatibwi akangolemba pa foni kuti "diresi la ukwati", dzina la Nachisale linkatulukira pamwamba penipeni.

Musaganize kuti anali ndi mankhwala, ayi. Makina ofufuzira zinthu pa intaneti amachita ngati mlendo mumsika, amayang'ana kumene anthu odalirika akuloza. Ndiye wojambula zithunzi, wophika makeke ndi mwini holo, onse anali ataika pa masamba awo a pa intaneti linki, kanjira kodina kolozera kwa iye.

M'mawa wina, nyengo ya maukwati itayandikira, anapeza dzina lake latsika. Mawa lake linatsikanso. Atafufuza, anaona kuti linki ya wojambula zithunzi uja yachoka. Anagwidwa nthumanzi. Shopu ikatsekedwa, azimayi amene ankasoka naye akadya chiyani?

Komatu situdiyo ya wojambulayo inali tsidya la msewu pomwepo. Nachisale anati mumtima, "Ine ndikafunse munthu kuti wandichotseranji? Aziti ndikupemphetsa." Anangokhala, foni osaisiya m'manja, chakudya osalowa, mantha akumudya.

Kenako kunabwera bambo wina wa pakamwa pokoma. "Mayi, musadandaule," anatero. "Sabata yomwe ino masamba ambirimbiri akhala akukulozani."

Nachisale sanafunse kuti masambawo ndi a ndani. Anavomera.

Dzina linakweradi, iye n'kupumirako. Koma pasanapite nthawi, mayi a mkwatibwi wina anaimba foni. "Pepani amayi, diresi lija musasoke. Mwana wanga waona dzina lanu pa tsamba la juga, pambali pa zithunzi zolaula."

Nachisale atayang'ana, anapeza masamba onyansa okhaokha akumuloza, ochuluka osawerengeka, ndipo sanadziwe pokawachotsera. Makina ofufuzira nawo anaona anthu amene akumuloza tsopano, n'kukankhira dzina lake kutali kumene munthu safikako. Foni inangoti zii. Azimayi osoka aja anayamba kutsanzika mmodzimmodzi.

Apa m'pamene Nachisale anawoloka msewu, n'kukamufotokozera wojambula uja zonse.

Wojambulayo anagwira pakamwa. "Mayo ine, amayi! Inetu ndimangokonza tsamba langa, linki yanu n'kugwa osadziwa. Mukanandiuza, ndikanaibwezera tsiku lomwelo."

"Ibwezereni lero, achimwene, chonde."

Wojambulayo anawerama. "Pano ndikuopa. Ndikakulozani, makina aja nane andikwirira."

Inu amene mukumva, ena mwa inu alipo amene anasiya kukutchulani, ndipo tulo simukugona. Musathamangire aliyense amene akulonjeza kukukwezani, chifukwa anthu adzakuyesani mofanana ndi amene akukulozani. Pitani mukafunse lero, pamene mnzanuyo asanayambe kuopa dzina lanu.