Mbale Zinamwa Utoto

Anthu ankamutcha Chizungulire, chifukwa moyo wake wonse unathera pa makina osemera aja ozunguza chipika. Akagunditsa tchizulo, tizipalapala tinkauluka ngati ngumbi, ndipo m'kati mwa fumbilo munkabadwa mbale. Koma munthuyo sankakhulupirira aliyense. Ankati ukafunsa mnzako njira, mawa auza dziko lonse kuti miyendo anakupatsa ndi iye. Pamenepo sankanama kwenikweni. Anthu ndi otero.

Mwana wake wamkazi atatsala pang'ono kukwatiwa, Chizungulire anatsitsa chipika chimene anasunga kudenga kuyambira mwanayo akukwawa. Anasema mbale zoti mwanayo akalowe nazo m'banja, zopyapyala ngati khutu. Koma mtengowo unali wotuwa mbuu, ndipo mtima wake sunakhute.

Kuseri kwa mpanda kunkakhala mlamu wake, mayi wonyika nsalu mu utoto. Chizungulire anayamba kusuzumira pakaboo, kuba luso ndi maso.

"Alamu, diso lidzatsalira pampandapo," anatero mayiyo. "Bweretsani mbalezo tione."

"Ndikufuna nkhuku yanga."

"Nkhuku yanu imamwa utoto?"

Chizungulire anachoka pampandapo. Anagula utoto wake wobiriwira, natseka chitseko, nachita zonse zimene anaona: madzi owira mumgolo, mchere, utoto, kutakasa ndi ndodo. Sanayese ndi kachidutswa. Anamiza mbale zonse, n'kusanjikiza mwala.

Anavuula yoyamba. Mtengo wotuwa uja unali utadzuka. Mizere imene iye, mwini tchizulo, sanaionepo inatulukira ngati mafunde, pena yakuda bii, pena yowala ngati khosi la njiwa. Pamene panali mfundo panaoneka diso lakuya, loti ukaliyang'anitsitsa umaopa kugweramo. Zaka zonse za mtengowo, za mvula ndi za chilala, zinali poyera. Nkhalambayo inakhala pansi m'fumbi, mbale ili pamiyendo, kukamwa kuli yasa. Inazindikira kuti moyo wonse inkangosema khungu la chinthu chimene sinkachidziwa.

Kenako anaziyanika padzuwa pamalata, monga mlamu wake amachitira ndi nsalu.

Masana anamva kuti thee, ngati wina wathyola kamtengo. Kenako thee winanso. Pofika pamalatapo, mbale zinali zitapindika milomo, ming'alu ikuyenda iye akuona. Palibe inapulumuka.

Mlamu uja anabwera yekha, osaitanidwa. Anatola chibenthu, nachitembenuzira kudzuwa.

"Ndakalamba ndi utoto, koma nsalu sinandipatsepo mtundu wotere," anatero motsitsa mawu. "Komatu alamu, mtengo saphika. Mabatani anga amatabwa ndimapaka ndi kansanza, utoto utazizira, pang'onopang'ono, n'kuumitsa pamthunzi. Mpanda womwewu mukanangolankhulirapo."

"Mukanandiseka."

"Ndikanaseka, inde. Koma mbale zikanakhalapo."

Chipika china chotero kunalibe, ndipo tsiku la ukwati silinadikire. Mwana analowa m'banja ndi mbale za m'sitolo, zofanana ndi za aliyense. Atate ake anatsala ndi zibenthu zokongola kuposa chilichonse chimene manja awo anapangapo, zosatha kusunga ngakhale madzi a mwana wa nkhuku.

Kusekedwa kumapola, mng'alu supola. Akulu anaziona kale izi: safunsa anadya phula.