Jeneza la Chiphaliwali

Swaleyi Chikwenga anafika pa mzikiti waung'ono wa ku Bangwe anthu atabalalika kale kuchokera ku swala, mapemphero a masana. Kuchedwako anachita dala, poti sanafune zogwirana chanza ndi anthu. Pakhonde anapeza Shehe Mtila, nkhalamba yophunzitsa pa madrasa ya pamenepo, akukutumula mikeka ngati wantchito wamba.

Swaleyi anali katswiri wojambula makatuni. Kwa zaka makumi awiri anakhala akutulutsa timabuku ta ngwazi yake, Chiphaliwali, munthu wobisa nkhope amene ankauluka pamwamba pa Limbe, kuimitsa minibasi yoduka mabuleki ndi dzanja limodzi ndi kubweza madzi osefukira ndi chikhatho. Timabukuto ana ankachita kulandana. Koma mwini wake ankangodzitsekera m'nyumba, iye ndi pensulo ndi kabotolo ka inki. Ukwati, maliro, sadaka, zonsezo ankati n'zomudyera nthawi. Kunena mosapsatira, mnzake weniweni wa Swaleyi anali munthu wapapepalayo basi.

Atapatsana salamu, Shehe anayala mkeka umodzi n'kumupempha kuti akhale.

"Shehe, ndabwera kuti muweruze pakati pa ine ndi owerenga anga," anatero Swaleyi, akutsegula kabuku katsopano. "Anthuwa sadziwa n'kugwira komwe pensulo, koma lero akufuna kundiphunzitsa ntchito."

Patsamba lomaliza panali chithunzi chachikulu. Mlonda wina wokalamba anali atamwalira, ndipo Chiphaliwali anali atanyamula jeneza, chonyamulira malirocho, yekhayekha pamwamba pa mutu, akulowera kumanda. Msewu wonse unali mbee, wopanda woperekeza ndi mmodzi yemwe.

Swaleyi anatulutsa makalata n'kuyamba kuwerenga monyodola. Wina analemba kuti jeneza silinyamulidwa ndi munthu mmodzi ngati thumba la makala. Wina anati Chiphaliwali wayamba matama, kuli bwino angofa. Mphunzitsi wina wa ku Ntaja analemba mzere umodzi wokha: "Maliro n'kulirana, nanga ngwazi yanu yatilandiranji maliro?"

"Achinyamata a m'tauni akuti palibe chithunzi chokongola kuposa ichi," anapitiriza Swaleyi. "Koma osindikiza akuti ndijambulenso tsambali, apo ayi Chiphaliwali athere pomwepa. Ine sindisintha. Munthu woimitsa minibasi angalephere kunyamula nkhalamba imodzi?"

Pakamwa pokha ankalimba. Mumtima ankaopa kwambiri, chifukwa Chiphaliwali akatha, m'nyumba muja simukanatsalanso wocheza naye.

Shehe anapukuta magalasi ndi nsonga ya mkanjo, nayang'ana chithunzicho nthawi yaitali.

"Dzanja lanu Allah analidalitsa, a Chikwenga," anatero. "Za makatuni ine ndine mbuli, ndiye mundikhululukire funso lachibwana. Nkhaniyi ikuti womwalirayu ndi bambo. Nanga nsalu imene mwafunditsa jenezali bwanji ndi ya timaluwa, yonga ya amayi? Mwaijambula mosamala zedi, duwa lililonse palokha. Ndi ya ndani nsalu imeneyi?"

Swaleyi anayang'ananso chithunzicho. Anali asanaone n'komwe kuti dzanja lake linachita zimenezo. Anaweramitsa mutu, makalata aja n'kugwera pamkeka.

"Ndi ya mkazi wanga, Asiyatu," anayankha motsitsa mawu. "Anandisiya chaka chatha, nthawi ya mvula. Amuna amene anabwera analipo asanu ndi awiri okha, Shehe. Anthu anandibwezera, poti ine kwawo sindinkapita. Mukudziwa kuti jeneza timalandirana, uyu masitepe angapo, wina n'kulowapo. Ife tinalibe otilandira okwanira. Ndinagwira kutsogolo kuchokera kunyumba mpaka kumanda, phewa mpaka kusupuka. Njira yonse ndinkangolakalaka ndikanakhala ndi mphamvu zomunyamula ndekha, kuti ndisaonenso nkhope za anthu ondichitira chisoni."

"Allah awachitire chifundo mayiwo, awakulitsire manda awo," anatero Shehe.

Kumsewu kunkamveka ogulitsa nthochi akuitanira malonda, ndipo Swaleyi anazindikira kuti aka kanali koyamba kutchula dzina la mkazi wake pamaso pa munthu chimuikireni. Chisoni chinamugwira, koma manyazi anamubwezera ku matama ake akale.

"Ndiye weruzanitu, Shehe," anatero, akutola makalata. "Wolakwa ndani, ine kapena iwo?"

Shehe anatseka kabukuko bwinobwino, n'kukabweza ndi manja awiri.

"Simunaname, a Chikwenga. Mwajambula zimene munaona tsiku lija, ndipo owerenga akwiya chifukwa palibe amene amafuna kupita kumanda m'msewu wotero. Koma jeneza silikhala ndi zogwirira zinayi chifukwa choti maliro amalemera. Ndanyamulapo nkhalamba zopepuka ngati mtolo wa udzu, komabe tinkalandirana anthu makumi anayi. Chiphaliwali wanu angathe kunyamula jeneza la aliyense yekha, sindikukana. Nanga lake adzanyamula ndani? Mwa onse amene Allah analenga, palibe ngwazi imene inadziperekeza yokha kumanda. Ikatha swala ya madzulo ano tikukaika bambo wina wa kuseri kwa msika, mlendo wopanda m'bale kuno, ndipo mbali imodzi ya jeneza lake ilibe phewa. Khalani mutithandize. Tsambalo mukajambule tikabwerako."