Mwana Amene Ankanjuta Panjira

Panali munthu wina wosoka nsapato, ankakhala kumapeto kwa mudzi ndi mwana wake mmodzi wamwamuna. Mwanayo anabadwa ndi vuto losowa kwambiri, loti ngakhale anamwino ambiri anali asanalionepo. Nkhope yake inali yosiyana ndi ya anzake, anachedwa kuyankhula, ndipo mawu ake ankatulukira m'mphuno. Tsiku lotuluka m'chipatala, dokotala anachenjeza makolowo kuti, "Ana otere mtima umawavuta. Mukaona akutopa msanga, kapena milomo ikuda, musachedwe."

Mayi wa mwanayo anapirira zaka ziwiri, kenako anapita kwawo osabwereranso. Anthu nawo anayamba kutalikira. Nsapato ankabweretsa ndithu, poti zikang'ambika zilibe manyazi, koma eni ake ankaimirira pabwalo, mpando osaufuna. Palibe amene anafunsapo kuti mwana wadzuka bwanji.

Atakwanitsa zaka zisanu, mwanayo anayamba khalidwe lina. Akayenda pang'ono ankanjuta, mawondo pachifuwa, n'kukhala chete. Njira ya kumsika sisowa akuluakulu, choncho nthawi zambiri akanjuta pamakhala pakudutsa munthu. Mbiri inawanda m'mudzi monse.

"Koma mwana wa wosoka nsapato uja ndi waulemu! Athuwa angakugunde osapepesa n'komwe."

Bamboyo anali asanamvepo munthu akunena zabwino za mwana wake. Mawuwo anawamwa ngati madzi tsiku lotentha. Milomo ya mwanayo ikada ankaiona, koma ankati n'kuzizira. Nsonga za zala zitayamba kutupa, anati ndi mmene anabadwira. Chenjezo la dokotala sanaliiwale ayi. Ankangolikankhira kumbuyo, chifukwa kulimvera kukanamulanda kanthu kamodzi kokha kamene mudzi unamupatsa.

Tsiku lina awiriwo anadzera njira yachidule ya m'minda, chimanga chitakololedwa kale. Kunali zii, kopanda ngakhale mbuzi. Mwana anali patsogolo. Anayenda pang'ono, nanjuta.

Bamboyo anayang'ana uku ndi uku, osaona munthu.

"Iwe, ukunjutira ndani kuno?"

"Palibe, ababa. Ndikatere mpweya umabwera."

"Nanga kumsika kuja?"

"N'chimodzimodzi."

Bamboyo anachita manyazi, kenako mantha anamugwira. Anasiya thumba la nsapato za eni pamzere pomwepo, nabereka mwana wake, nalunjika kuchipatala. Kumeneko anawatumiza ku chipatala chachikulu cha m'tauni, komwe anapeza kuti mtima wa mwanayo unali ndi bowo ndipo magazi sankafika bwino kumapapo. Miyezi inapita bamboyo akugona pamalo a odikirira odwala, mwamuna yekha pakati pa amayi. Wakumudzi wodzazonda sanaoneke ngakhale mmodzi. Mwana anachitidwa opaleshoni, nachira.

Atabwerera kumudzi, mwanayo ankathamanga kuchokera kunyumba mpaka kumsika osaima. Akuluakulu ankangowadutsa, moni akuperekera patali. Anthu anapukusa mitu.

"Anali mwana wabwino uyu. Kutauni kwamuwononga."

Bamboyo anamva zonsezo. Chiyamikiro chija chinali chitapita, ndipo anakhalanso yekha pansi pa mtengo wake wosokerapo nsapato monga kale, singano m'manja, akuonerera fumbi la mapazi a mwana wake.

Tsono inu amene muli ndi mwana wobadwa mosiyana ndi anzake, mverani. Anthu angamuyamikire kufatsa, kugona kwambiri, kusathamangathamanga. Kuyamikiridwa n'kokoma, makamaka kwa munthu amene wakhala zaka osakulawa. Koma anthuwo amamuona podutsa, pomwe inu mumamva kupuma kwake. Akamatopa msanga, milomo ikamada, musadikire kuti mudzi unena chiyani. Mufunseni mwanayo zomwe akumva, ndipo pitani naye akamuyeze mtima akadali ndi mpweya wokuyankhirani.