Tochi Yoyandama

M'shedi ya m'mbali mwa damu munkanunkha girizi ndi zingwe zonyowa. Mmenemo ndi mmene ankasunga boti lake mkulu wina amene anzake ankamutcha Chiphaliwali. Ntchito yake inali kukoka alendo ndi chingwe, iwo ataponda timatabwa n'kumatsetsereka pamwamba pa madzi.

Chaka china anachotsa injini ya petulo n'kuikamo ya batire. Boti linkayenda mwakachetechete ngati mphaka, utsi osaoneka. Koma batirelo linali ndi khalidwe lake: ukamayenda modekha linkakhalitsa, ukamakoka munthu mwaliwiro moto wake unkasungunuka ngati mchere m'madzi. Mkazi wake ankamukumbutsa mofatsa kuti akakoka anthu angapo azibwerera kudzatchaja.

Apongozi ake aamuna, bambo a thupi lodalitsika, ankaliseka botilo kuti ndi tochi yoyandama. Mawuwa ankamudya mumtima Chiphaliwali, ndipo ankafunitsitsa kuti madalawo awameze. Tsiku lina anawanyengerera kuti alawe okha, ngakhale anali atakoka kale alendo m'mawa wonse.

Madala anaponda timatabwa, boti linanyamuka, ndipo anakomedwa.

"Wonjezerani moto, apongozi," anakuwa ali kumapeto kwa chingwe.

Kagetsi kofiira kochenjeza kanayamba kuphethira. Chiphaliwali anakayang'ana, anacheukira madala aja n'kuwaona mano ali mbee, kenako anavula chipewa n'kuvundikira kagetsiko.

Injini ya petulo imayamba yatsokomola isanafe. Iyi inangoti zii pakati penipeni pa damu. Chingwe chinakhwefuka, madala anaima kamphindi ngati akupemphera, kenako khuvu, miyendo m'mwamba. Mulungu si munthu, anali atavala jekete yoyandamitsa.

Amene anawavuula ndi mnzake wa boti la petulo, yemwe Chiphaliwali ankamugemula kuti Wautsi. Wautsiyo anawafunditsa thaulo lake. Chiphaliwali anabwerera chopalasa ndi nkhafi imene mkazi wake anamuikira pansi pa mpando osamuuza.

Anapeza madala ali padzuwa, akukutumula madzi m'khutu. Anagwada pamaso pawo.

"Tochi yanu imathamanga, ndavomera," anatero madala. "Koma nditaona dazi lanu likuwala, ndinadziwa kuti chipewa chapita kukabisa mlandu. Tchajani, mawa ndibweranso. Chipewacho ndisunga ine."

Mkazi wake, amene ankamvetsera chapafupi, anatembenukira kukhoma la shedi, mapewa akugwedezeka ndi kuseka.

Ananena akuluakulu: chakomachakoma, pusi anagwa chagada.