Ngalande Yomwe Inalambalala Nthochi za a Kamwendo

A Gerald Kamwendo anabwera ku Mzuzu kuchokera ku Ntchisi pa ntchito ya boma, ndipo atapuma anamanga ku Mchengautuwa, kumunsi kwa chitunda. Anali munthu woti ukawapatsa moni kawiri, amayamba kufufuza chomwe ukufuna. Pakhomo pawo ankanyadira zinthu ziwiri: chitsime chomwe anakumbitsa kuseri kwa nyumba, ndi thobwa la akazi awo, mayi Daisy, lomwe akabaza ankalimbirana pamsika. Thobwalo ndilo linkadyetsa banja, ngakhale bambowo sankavomera zimenezi pagulu.

Chaka chomwe mipope inafika m'deralo, anthu anagwirizana zokumba okha ngalande ya paipi. Amene ankatsogolera anali Vitumbiko Msiska, woyandikana ndi a Kamwendo chakumtunda, yemwe anakanganapo naye za malire pa mzere wa nthochi.

"Monire adada," anatero Vitumbiko atafika ndi khasu. "Paipi idutse apa m'mbali mwa nthochi zanu kuti nanunso mulumikize. Komanso ndikuuzeni, madzi akabwera anthu kumtunda kuno amanga zimbudzi zogejemula. Zoipa zizitsikira m'nthaka, ndiye chitsime chanu chili kumunsi chomene."

A Kamwendo anamuyang'ana kuyambira kumapazi. Chifundo chimenechi chayamba liti? Mumtima mwawo nkhani inali yoonekeratu: lero ngalande, mawa akuti malire ndi amenewo.

"Achimwene, chitsime changa chisakupwetekeni mutu," anayankha. "Khasu lanu lisakhudze dothi langa."

Vitumbiko atachoka, mayi Daisy anayesa kuwanyengerera. "Bambo a Hilda, madzi alibe mlandu. Bwanji tingolola?"

"Mayi, anthu awa simukuwadziwa. Ine ndakhala m'maofesi."

Ngalande inakhotera m'bwalo la Vitumbiko n'kupitirira. Mipope inayamba kutuluka madzi, zimbudzi zatsopano zinamangidwadi, ndipo a Kamwendo ankayendera nthochi zawo m'mawa uliwonse kuona ngati zasuntha.

Mvula ya ku Mzuzu simadziwa kuleka. Chaka chotsatira dzinja lili pakati, mayi Daisy anadandaula kuti madzi a m'chitsime akumveka kafungo. Apa bambowo anapsa mtima, osati chifukwa cha madziwo ayi, koma poti anali atapeza umboni womwe ankaufuna: wina akuponyamo zinthu kuti agonje. Anagula chivundikiro chachitsulo ndi loko, kiyi n'kumayenda naye m'thumba. Fungo silinasiye, koma iwo anati ndi lotsalira, ndipo analamula kuti thobwa lipitirire. Kukatunga kwa Vitumbiko kunali ngati kukagwada.

Zinthu zinaphulika sabata yomwe akabaza angapo anatsegula m'mimba, mmodzi mpaka kugonekedwa kuchipatala. Onse anali atamwa thobwa lomwe mayi Daisy anasungunula ndi madzi a m'chitsime. Azaumoyo anabwera, anayeza madziwo, n'kunena zomwe Vitumbiko ananena kale ulere: zoipa zinkalowera pansi, kumene loko safika. Pamsika nkhani inawanda ngati moto wolusa. Mayi Daisy sanakalipe. Anangotsuka mgolo wawo wa thobwa n'kuuvundikira pakhonde, ndipo kuona mgolowo kunawapweteka bambowo kuposa mwano.

Tsiku lotsatira a Kamwendo anakwera chitunda atanyamula ndowa, manyazi ali tho. Vitumbiko sanafunse zambiri. Anatenga khasu, anawatsogolera ku mzere wa nthochi, n'kufukula pang'ono mbali yake ya malire. Panaoneka kamphanda ka paipi kotseka kumapeto, koloza kunyumba ya a Kamwendo.

"Ndinapempha amisiri akasiye apa, adada. Ndinati tsiku lina mudzakafuna."

A Kamwendo anayang'ana nthochi zawo. Zinali pomwe zinali kale, palibe ndi imodzi yomwe inasuntha. Anathokoza m'chilankhulo cha Vitumbiko, ndipo "yewo" ameneyo anali woyamba chibwerereni ku Mzuzu.

Mpope unalumikizidwa, madzi oyera akutuluka mpaka lero. Koma akabaza anazolowera kale thobwa la kwina, ndipo mgolo uja udakali chivundikirire pakhonde, nkhuku zikugonapo. A Kamwendo anateteza malire omwe palibe ankawafuna, n'kutayitsa akazi awo dzina lomwe anavutikira zaka zambiri. Munthu amene ankamuyesa mdani ndi yekhayo anawachenjeza kusanaipe. Akuluakulu sananame: wakutsina khutu ndi mnansi.